Ngolo ya Bambo Yosiya

Lamulungu loyamba maliro atatha, mlembi wa mpingo wina wa ku Mbare anaimirira, nakonza tayi, nalengeza kuti bungwe la akulu ampingo lakhazikitsa Komiti Yoona za Kayendedwe ka Akhristu Okalamba, pokumbukira malemu Bambo Yosiya Chimtengo. Komitiyo ili ndi wapampando, wachiwiri wake, mlembi ndi chidindo. Anatsimikiza kuti palibe nkhalamba idzaphonyenso mapemphero chifukwa cha miyendo.

Uthengawu unawapeza Mayi Iris ali pakhomo pawo, atavala kale bulawuzi yoyera ndi duku. Anawauza ndi mpongozi wawo Nyarai. Mayiwo anangofunsa ngati komitiyo ili ndi matayala.

Pajatu Bambo Yosiya ankabweretsa Akhristu kutchalitchi pa ngolo. Ngolo yokankha ndi manja, yomwe kuyambira Lolemba mpaka Loweruka inkanyamula kabichi ndi tomato pamsika wa Mbare Musika.

Zinayamba ndi lamulo. Ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi anali atasamukira ku mapemphero a Chishona, ndipo a Chichewa a 7 koloko m'mawa anatsala ndi imvi zokhazokha. Bungwe linagamula kuti anthu akapanda kukwana khumi ndi awiri kwa masabata atatu otsatizana, mapempherowo atsekedwa. Bambo Yosiya anawerenga chikalatacho kawiri, napita kukapopa matayala.

Mayi Iris, amasiye amene mawondo awo anapuma pantchito iwo asanavomereze, ndiwo anali munthu wachikhumi ndi chiwiri. Tsiku loyamba anakana kwamtuwagalu.

"Ine si kabichi, Bambo Yosiya."

"Zoona, mayi. Kabichi salongolola panjira. Kwerani."

Anakwera. Pangolopo panali mkeka, pilo ndi ambulera yomanga ndi waya, koma fungo la anyezi silinkamva sopo. Makondakitala a makombi, maminibasi akumeneko, ankakuwa m'Chishona kufunsa ngati katunduyo akugulitsidwa pa kilo. Bambo Yosiya sankatembenuka. Ankangoyimba nyimbo yamapemphero ndi mawu onga a chitseko cha garaja, ndipo makombi ankapatuka okha. Akatsitsa Mayi Iris ankabwerera kukatenga ena. Anthu amati tsiku lina anatenga mkulu wina ali pakati pometa ndevu, moti anapemphera tsaya limodzi lili ndi thovu.

Lamulungu lina tayala linaphwa panjira, ndipo amene anathandiza Bambo Yosiya kukankha ndi Abdalla, Msilamu wogulitsa nsomba zouma, mnansi wawo wa zaka makumi atatu. Atafika anapeza kuti mkulu wina sanabwere, ndipo powerenga ndi iwo omwe analipo anthu khumi ndi mmodzi okha, sabata lachitatu lenilenilo, mlembi atatulutsa kale cholembera. Bambo Yosiya anamuyang'ana Abdalla. Abdalla anati mkati salowa, koma watopa, ndipo anakhala pansi pachitseko penipeni, nsana kunja, mapazi mkati. Nkhaniyo inapita ku bungwe, lomwe linatha miyezi itatu likukambirana ngati munthu wotero ali m'tchalitchi kapena ayi. Mmene linkagamula, mkulu amene anasowayo anali atabwerera kale kuchokera kwa mwana wake ku Kuwadzana.

Zimene bungwe silinkadziwa ndi za panjira. Pangolopo ndi pomwe Mayi Iris ankamvera kuti wadwala ndani, wagona ndi njala ndani, ndipo pobwerera ngoloyo inkaima pakhomo lililonse lotere, pansi pa mkeka patatuluka kabichi wotsala wa Loweruka. Abusa atalalikira tsiku lina kuti mpingo ndi thupi limodzi la ziwalo zambiri, Bambo Yosiya anawayamikira panja, nawonjeza kuti pakamwa pokha ndiye pachuluka, iwo atenga miyendo.

Anamwalira Lachitatu masana pamsika, atatsamira ngolo yawo ngati akupuma. Pamaliro anthu anayimba m'Chichewa mpaka achinyamata amene sankadziwa mawu anayamba kutsatira milomo ya agogo awo.

Kuyambira pamenepo m'mawa wa Lamulungu mumsewu wa Mayi Iris mumamveka makombi basi. Sabata loyamba ku mapemphero kunafika anthu asanu ndi atatu. Lachiwiri, asanu ndi awiri. Komiti inakumana, nigamula kuti ngolo ndi yosayenera ulemu wa Mkhristu, ndipo kudzafunika minibasi.

Sabata lachitatu Mayi Iris sanadikire. Anatenga ndodo kukungocha, Nyarai atawagwira mkono, akuwachonderera kuti abwerere.

"Mayi, ngakhale mufike simukwana."

"Ndikudziwa kuwerenga, mwanawe. Ndikufuna andiwerenge ndili momwemo."

Anapuma kasanu panjira, kamodzi pa benchi ya Abdalla. Analowa nyimbo yotsekera ili pa ndime yomaliza, ndipo mlembi anafufuta zimene analemba, nalemba zisanu ndi zinayi.

Mapemphero a Chichewa anatsekedwa sabata lomwelo. M'chipindamo tsopano mumakumana komiti, Lamulungu lililonse 7 koloko m'mawa.