Tsiku limene ndinasambitsa mabesi

“Kodi mayi a Tadala, magitala amatsukidwa?”

Anandifunsa choncho ndi Abiti Saidi, aneba athu kuno ku Mbayani, atasuzumira pampanda. Ine, manja ali thovu lokhalokha, ndinayankha mwaulemu kuti chilichonse chakuda chimatsukidwa. Iwo anangoti “oho,” n’kupitiriza kupeta mpunga wawo. Mpaka lero “oho” ameneyu amandilira m’makutu.

Amuna anga, bambo a Tadala, ankapanga magitala kuseri kwa nyumba yathu. Ang’onoang’ono aja ankayendako pang’ono, koma mtima wawo wonse unali pa besi, gitala lalikulu la nsambo zinayi lolira ndi magetsi. Vuto linali oimba. Ankabwera, kuimba ola lathunthu, kumwa thobwa langa, kenako n’kuyamba kuweruza. Uyu akuti likulemera ngati mtondo. Uyo akuti khosi lake n’lonenepa ngati musi. Wina anati likulira bwino ndithu, koma n’lopangidwa ku Mbayani, ndiye anthu angamuseke. Wogula panalibe. (Thobwa lokha palibe amene analipezapo chifukwa.)

Ndiye kunabwera akwaya ya mpingo wina wa ku Nyambadwe, a Thom, amene ndi mkulu wa kwayayo, ndi woimba besi wawo, Gifiti. Anayesa mabesi atatu amene analipo, a Thom n’kunena kuti adzabweranso Loweruka kudzasankha limodzi, mwina awiri. Potuluka Gifiti anafwenthera mphuno.

“Saundi ili bho, madala, koma zida zanuzi zikununkha utsi wa mbaula ndi usipa. Ndingaime nazo kutsogolo kwa mpingo?”

Atapita, bambo a Tadala anandiuza mosabisa kuti awa akakananso basi, asiya, akayambe kukhoma zitseko kwa amalume awo ku Limbe. Ananena akusisita besi ngati mwana wodwala. Munthu amene ndinamudziwa akuimba mluzu uku akupala thabwa, kukakhala wa zitseko! Ndinati ayi.

Tsono za kulemera ndi za makosi sindizidziwa, sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Koma fungo la usipa, imeneyo ndi ntchito yanga. Ndiponso mlendo akamabwera, mkazi waulemu amatsuka chilichonse, ngakhale makapu osagwiritsa ntchito.

Lachisanu m’mawa bambo atapita ku Limbe kukagula nsambo zatsopano, ndinamugoneka Tadala, n’kutulutsa beseni lalikulu losambitsira mwana. Madzi ofunda, sopo wa ufa, ndi waya wotsukira mapoto wa malo ovuta. Sindinachite zachibwana ayi. Besi lililonse ndinaliviika kaye kuti litsiro lifewe, ndinakwecha pakati pa nsambo ndi mswachi wakale, ndinatsukuluza kawiri. M’kabowo kolowetsa waya wa magetsi ndinathiramo madzi ndi kapu mpaka anayamba kutuluka oyera. Apa m’pamene Abiti anafunsa funso lawo lija.

Kenako ndinawayanika padenga la malata la bafa, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Masana ndinakawatembenuza kuti aume mbali zonse. (Ndine munthu wodekha, ntchito sindiichita mwatheka.) Madzulo ndinawapachika pamisomali yawo, akununkhira ngati matewera ochapa kumene. Bambo anafika atatopa, sanalowe n’komwe kuseri. Ine chete, ndimafuna adzadabwe pamaso pa alendo.

Anadabwadi.

Loweruka a Thom ndi Gifiti anafika ndi sipika yawo. Gifiti ananunkhiza besi loyamba n’kugwedeza mutu.

“Apa ndiye mwachita zaukhondo, madala.”

Ine pakhomo, mwana kumsana, mtima uli m’mwamba. Analowetsa waya. Sipika inangoti mmmmm, ngati thiransifoma ya pamsewu, Gifiti n’kulumpha akukupiza zala.

“Ase! Chandiluma!”

Besi lachiwiri khosi linali litapindika ngati nthochi, nsambo zili kutali ndi thabwa moti chala cha munthu chimalowa pansi pake. Bambo a Tadala analiyang’ana ndi diso limodzi, n’kuliyang’ananso ndi linalo. Besi lachitatu, lomwe ankalikonda koposa, linalira kawiri bwinobwino. Kachitatu guluu anasiya, kathabwa kogwira nsambo kanathothoka n’kukagwera m’kapu ya thobwa ya a Thom. Gifiti atalipendeketsa kuti aone, m’kabowo muja munatuluka madzi n’kutsikira pathalauza lake loyera.

“Madala, besi lanuli landikodzera.”

A Thom anavuula kathabwa kaja m’thobwa, anakaika patebulo mosamala, n’kuimirira.

“Achimwene, tikakambirana kaye ndi komiti.”

Aliyense mu Blantyre muno amadziwa kuti komiti imeneyo sikumana.

Alendo atangotuluka, bambo anayamba kuvala nsapato. Akuti a Yusufu, ogulitsa matabwa ku Limbe, anawagulitsa mtengo wauwisi, ndipo lero awadziwa. Bwanji sindinaulule pomwepo? Kaya. Ndinawatsatira kumbuyo, Tadala akudumphadumpha kumsana, mpaka pasiteji. Kondakitala atawagwira kale dzanja, “Limbe, Limbe, m’modzi yekha bigi!”, m’pamene mawu anatuluka.

“Bambo a Tadala, a Yusufu alibe mlandu. Ndinawasambitsa ndine.”

“Ndani?”

“Mabesi.”

“Ndi madzi?”

“Ofunda.”

Minibasi inapita. Anandiyang’ana, anayang’ana mwana, kenako anafunsa motsitsa mawu:

“Munawayanika pati?”

“Padenga la bafa. Ndinawatembenuzanso.”

Anakhala pamwala n’kuyamba kuseka, kuseka kwake koti mayi wogulitsa mandasi pafupi anasuntha beseni lake. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira.

Lolemba anakayamba kwa amalume. Zitseko zikuyenda bwino, palibe amene amati chitseko chikulemera. Oimba aja amabwerabe nthawi zina kudzafunsa kuti madala anasiyiranji, popeza mabesi awo anali osowa, olira kuposa a m’sitolo. Ngakhale Gifiti anabwera. Ndimawapatsa madzi akumwa.

Ndaphunzira kuti thabwa ndi madzi sizigwirizana. Koma fungo linachoka, zimenezo musandilande.

Zimene zinatayika ndi izi: mabesi atatu, miyezi inayi ya ntchito, kwaya imodzi, theka la paketi ya sopo, ndi mluzu wa bambo a Tadala.