Sabata Imene Kompyuta Inakana Kuimba

Lolemba

Ufulu wafika mu Area 23! Ndafufuta pulogalamu yakale ija yodzaza mavayirasi, ndaika Linux. Yaulere. Siigwidwa matenda. Aliyense akhoza kuitsegula m'mimba n'kuona momwe anaipangira. CD yake wandipatsa Kachingwe, mnzanga wa ku Nsungwi, ndipo iye inamubwerera papositi kuchokera kunja osalipira kalikonse. Dziko likadali ndi anthu abwino.

Ndatenga tchuthi cha sabata yonse. Amake Chisomo akuti n'chifukwa cha ukwati wa mng'ono wawo Thoko, Loweruka likubwerali. Sindikuwatsutsa. Koma mapulani enieni ndi awa:

1. Kompyuta isanduke seva. Seva ndi kompyuta yosazimitsidwa, yosunga zinthu kuti makompyuta ena azidzatenga.
2. Kukoka waya kudutsa pampanda mpaka kwa aneba.
3. Kupeza neba amene ali ndi kompyuta.
4. Nyimbo ya Thoko.

Yachinayiyi ndiye yosavuta. Apongozi anga aamuna, malemu aNgozo, anapeka nyimbo n'kuijambula pa tepi ndi kwaya ya kumudzi ku Ntcheu, iwo akutsogolera. Chaka chatha ndinaisamutsira m'kompyuta, kenako wayilesi inatafuna tepiyo. Ndiye kuti mawu a malemu atsala pamalo amodzi okha padziko lonse: pabalaza panga, pansi pa tebulo. Thoko akufuna kudzalowa m'holo ndi nyimbo imeneyi, poti bambo ake palibe oti amugwire dzanja. Ndinalonjeza pamsonkhano wa komiti ya ukwati, nditaimirira, dzanja lili pachifuwa.

Madzulo. Ndadina nyimboyo kuti ndiyese. Zii. Fayilo ilipo, yathunthu, koma pasikirini patuluka uthenga wakuti Linux siimba MP3 pokhapokha utawonjezera kafayilo kena kotchedwa kodeki. Kamapezeka pa intaneti. Pakhomo pano intaneti palibe, ngakhale foni yapansi.

Palibe vuto. Mawa ndipita ku kafe ya intaneti m'tauni ndi flashi. Nkhani ya mphindi zisanu.

Lachiwiri

Minibasi ya m'tauni. Anthu anayi pampando wa atatu, bondo la munthu lili m'nthiti mwanga, koma ndikumwetulira.

Ku kafe. Kafayilo kochepachepa katenga theka la ola. Mtsikana wa pambali panga akulembera kalata chibwenzi chake cha ku Joni ndi chala chimodzi, ndipo wamaliza ine ndisanathe.

Kunyumba. Ndalowetsa flashi, ndadina. Kompyuta ikuti kafayiloka kali ndi abale ake awiri, ndipo popanda iwo sikagwira ntchito. Asa! Bwanji osanena dzulo?

Amake Chisomo, akusita malaya: "Bwanji osangoitengera nyimboyo kwa oika nyimbo pa CD kumsika kuja?"

Ndawafotokozera modekha kuti makina a kumsika ndi khola la mavayirasi, komanso kuti munthu amene walawa ufulu sabwerera ku ukapolo. Ndawauzanso za anthu a m'mayiko osiyanasiyana amene amalemba Linux mwaulere chifukwa cha chikondi chabe.

"Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo," atero, n'kutembenuza kolala.

Pomwe ndikuganiza yankho ndaona kuti sikirini yada. Pabalaza pali soketi imodzi, ndipo ayironi ili pomwepo.

Nthawi imene seva yakhala yoyaka osazima: maola awiri ndi theka. Kachingwe akuti yake inakwanitsa masiku makumi anayi. Kachingwe sanakwatire.

Lachitatu

M'tauni kachiwiri. Kondakitala wayamba kundizindikira. Ndabwera nawo abale awiri aja.

Zotsatira:

- Woyamba akufuna ena atatu.
- Wachiwiri akufuna mmodzi, koma wamkulu msinkhu kuposa amene ndili naye.
- Wamkuluyo akabwera, akuti akangana ndi wina amene ali kale m'kompyuta.

Ndalemba mayina onse pachikuto cha kope la Chisomo. Ngakhale ukwati weniweniwu sunaitane abale ochuluka chonchi.

Masana apongozi afika kuchokera ku Ntcheu ndi amayi ena asanu, matumba awiri a kachewere, nkhuku zinayi ndi mafoni atatu opanda moto. Ndawalonjera nditagwada pakhomo. Asanakhale n'komwe afunsa pomwe pali soketi.

Ndamata pepala pakhoma: CHONDE OSAZULA. Azula katatu. Ndafunsa mwaulemu, maso ali pansi.

"Chimalira chokha popanda woonera, bambo. Tinamva chisoni," watero mmodzi wa amayi aja.

Ndawauza kuti seva imayenera kulira yokha. Ayang'anana.

Nditachoka pang'ono kukathandiza kutsitsa nkhuni, ndapeza seva yafundidwa chitenje, pamwamba pali beseni la mtanda wa mandasi. Akuti pamafunda bwino, mtanda ukufufuma msanga. N'zoona, wafufuma.

Madzulo apongozi andiitana pakhonde. "Paja akuti bambo awa ali m'makinamo? Tingawamveko?" Zaka zitatu chimwalirire malemu, sanawamvepo. Kumudzi kulibe chomvera.

Ndati mawa, amayi. Ati zikomo, n'kuwomba m'manja. Kuwomba m'manjako kwandipweteka kuposa kundikalipira.

Lachinayi

Ntchito zimene komiti inandipatsa lero:

- kukatenga mipando kutchalitchi
- kukaona ngati keke yapsa
- kukumbutsa ojambula vidiyo

Zimene ndachita: m'tauni kachitatu.

Mafayilo asanu ndi awiri, maola atatu. Wachisanu ndi chimodzi atatsala pang'ono kutha, magetsi phethi! Kafe yonse "Aaaa!" pamodzi ngati kwaya. Tadikira, abwera, ndayambiranso.

Kunyumba. Flashi yabwera ndi mavayirasi anayi a ku kafe, ndipo Linux sikuwaopa n'komwe, ikungowaonetsa ali ndandanda ngati mbewa zapampani. Ndaitana amake Chisomo kuti adzaone chigonjetso chimenechi.

"Nanga nyimbo?"

Nyimbo ayi. Mafayilo asanu ndi awiri aja ndatenga a Linux ya chaka chino, pomwe yanga ndi ya chaka chatha. Sakudziwana.

Ndaimbira Kachingwe. "Zosavuta zimenezo, achimwene! Mungolemba mzere umodzi, imakatenga yokha zonse pa intaneti." Ndamukumbutsa kuti ndilibe intaneti. Wati eee, ndiye zavutadi. Mayunitsi athera pomwepo.

Thoko wabwera kudzayesa diresi, tsitsi lili m'maneti. Masiku onse timatukwanizana zachilamu, iye amanditcha injiniya wa pansi pa tebulo, ine ndimati mwamuna wakeyo sanaone bwino. Lero sanaseke. Waima pakhomo la pabalaza, wayang'ana beseni la mandasi lili pa seva.

"Alamu, ndiuzeni zoona. Bambo anga alipo kapena mwawafufuta?"

Ndalumbira kuti alipo. Ndamuonetsa dzina la fayilo pasikirini. Wati dzina lokha lilinso pamanda.

Ndili ndi mantha. Ndikulemba pano poti sindingauze munthu.

Lachisanu

Ngati intaneti sibwera kwa kompyuta, kompyuta ipita kwa intaneti. Ndaikulunga m'bulangete, ndaisenza mpaka pasiteji.

Kondakitala: "Bigi, katunduyu ndi munthu, akhala pampando wake." Ndaifukata pamiyendo kuti ndisalipire kawiri. Mayi wina wafunsa ngati mwanayo akudwala.

Mwini kafe wavomera monyinyirika kuti ndilumikize waya wake. Ndalemba mzere umodzi uja wa Kachingwe. Zilembo zayamba kuthamanga pasikirini, mafayilo akubwera okha, aliyense ndi abale ake, mwadongosolo, popanda mkangano. Mphindi khumi ndi ziwiri. Sabata yonse ya minibasi, mphindi khumi ndi ziwiri!

Ndavala mahedifoni. Ndadina.

Yaimba! Kaphokoso ka tepi poyamba, wina akutsokomola, kenako mawu aakulu aja a malemu akulowa pansipansi, kwaya ikutsatira. Ndaimirira, ndakuwa "Yatheka!" ndipo kafe yonse yatembenuka. Ndagwira chanza mwini kafe, ndagwiranso chanza mlonda.

Mwini kafe: "Tikuikireni pa CD kuti mukhale ndi ziwiri?" Ndaseka. CD ya chiyani, makina akuimba okha?

Kunyumba ndafika ngati msilikali wobwera kunkhondo. Magetsi kulibe. Amayi onse ali kuseri akusenda kachewere, apongozi akusosola nkhuku. Ndalengeza kuti nyimbo yatheka. Palibe wolulutira.

Amake Chisomo, osadzutsa mutu: "Mwaika pa CD?"

Anthu ena sakhulupirira ngakhale zozizwitsa.

Loweruka

7 koloko. Ndili m'holo ku Kawale, ena onse ali kutchalitchi. Kompyuta patebulo pafupi ndi siteji, waya wapita kumasipika obwereka. Ndayesa katatu. Ikuimba mpaka malata kunjenjemera. Wosesa m'holo waima ndi tsache kumvetsera.

1 koloko. Holo yadzaza, ena ali m'mawindo. Suti ikundithina m'khwapa koma mtima uli m'malo. Chala changa chili pa mausi.

Mahutala panja. Nthungululu. MC akukuwa kuti tonse tiimirire, mkwatibwi wafika.

Sikirini bii.

Ndasuzumira pansi pa tebulo. Wojambula vidiyo wagwada, pulagi yanga ili m'manja mwake, akulowetsa ya getsi lake. "Pang'ono pokha, bwana, nkhope zikuda." Uyu ndi yemwe uja ndinayenera kumukumbutsa Lachinayi. Wabwera yekha osakumbutsidwa.

Ndamulanda soketi. Ndayatsa. Mphindi imodzi yokha, Ambuye, imodzi yokha.

Kompyuta ikuti yazimitsidwa mwadzidzidzi kambirimbiri sabata ino, choncho iyamba yadziyeza m'kati monse ngati zonse zili bwino. Siifulumizidwa.

2%.

Thoko waima pakhomo la holo, maluwa m'manja, velo kumaso. Anthu mazana akuyang'ana ine.

3%.

MC wanena nthabwala ziwiri. Zatha. Wayamba kuthokoza amene anabwereketsa mipando.

5%. Thukuta likutsikira m'masokosi. Amake Chisomo ali kutsogolo, sakundiyang'ana n'komwe.

Kenako ndamva mpando ukukokedwa. Apongozi aimirira, akonza chitenje, ayamba nyimbo ija okha. Mawu ang'onoang'ono, onjenjemera. Mzere woyamba okha. Wachiwiri amayi asanu a kachewere aja alowa. Kumbuyo kwadzuka madoda atatu okalamba amene ankaimba m'kwaya ndi malemu, agwira besi. Pofika pakolasi mbali yonse ya kuchikazi ikuimba, akuchimuna akuwomba m'manja poti mawu sakuwadziwa.

Thoko wayamba kuyenda. Akulira, mapewa akugwedezeka, koma akuyenda. Podutsa patebulo langa sanatembenuke.

Nanenso ndalira. Pasikirini 31%.

Yamaliza kudziyeza abusa ali pakati pa pemphero lotsegulira, maso onse ali otseka. Ndinaiwala kutsitsa masipika. Kang'oma kamene imaimba ikamayaka kagunda holo yonse, mwana wina walira, abusa anena ameni asanafike kumapeto.

MC watumiza munthu kudzandiuza kuti ndizimitse.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Ndati mutu. Palibe wafunsa kuti mutu wake uti.

Mmene zinthu zilili:

- Waya wa kwa aneba: amake Chisomo ayanikapo zovala.
- Thoko: watumiza uthenga kuchokera kwa mwamuna wake. "Injiniya, sindinakukhululukireni. Mwina pa Khirisimasi." Wanditchula injiniya, ndiye chiyembekezo chilipo.
- Kachingwe: akuti kudziyezako n'chizindikiro cha pulogalamu yosamala. Ndadula foni.
- Amake Chisomo: aika CD yatsopano yopanda kanthu pa pilo panga. Mawa ndikupita kumsika.

Masana. Alendo akumanga katundu, minibasi ya ku Ntcheu ndi ya 3 koloko. Ndabweza kompyuta pansi pa tebulo, ndikulumikiza mawaya mwakachetechete kuti asandione. Apongozi alowa, mpango uli kale kumutu, chikwama m'manja. Akhala pamkeka.

"Bambo a Chisomo, makina aja achira?"

Ndati achira, amayi.

"Tiyeni timve."

Ndadina. Kaphokoso ka tepi. Kutsokomola kuja.

"Ndi iwowo," atero. "Ankatsokomola choncho asanayambe."

Nyimbo yonse sanagwedezeke, manja ali pamiyendo. Itatha ndatsegula pakamwa kuti ndipepese za dzulo, ndifotokozenso za wojambula vidiyo ndi mafayilo aja. Akweza dzanja kuti ndikhale chete.

"Bwezaninso."

Ndabweza. Kenako kachitatu. Amake Chisomo abwera ndi ayironi m'manja, aima pakhomo, ayang'ana soketi, ayang'ana mayi awo, abwerera nayo kuchipinda.

3 koloko yadutsa. Amayi asanu aja apita okha kusiteji. Apongozi avula mpango, akuti anyamuka mawa, kapena mkuja.

Ndikulemba izi ndi dzanja limodzi. Linalo lili pa mausi, poti nyimbo yatsala pang'ono kutha.