Madzi a Makashiya

Lolemba

Zatheka! A Makwinja, bwana wa shopu yathu, avomera. Kuyambira mawa makashiya athu awiri, Mai Likaka ndi Esitere, azikhala ndi botolo la madzi pa kauntala.

Zoona, Okutobala ngati uyu, malata akuchita kulira ndi dzuwa, munthu aime pa makina kuyambira m'mawa, ndipo akafuna madzi mpaka apemphe chilolezo, atseke makina, apite kumpopi kuseri? Sabata yatha Esitere anachita chizungulire akugulitsa shuga. Akuti lamulolo analiika poopa kuti madzi angatayikire pa makina. Abale, mabotolo a zitsekerero alipo!

Mapepala ofotokoza ganizoli amene ndawalembera, bwana sanawayang'ane n'komwe. "Ndikupita ku Limbe kukaoda katundu, ndibwera Loweruka. Zikayenda, mpando wa supavaiza ndi wanu. Zikakanika, nzeru za ku koleji musadzandibweretserenso."

Mpandowo ndikuufuna. Sindinavutike ndi digiri kuti ndikalambe ndikumata mitengo pa zitini za nsomba.

Ndagula mabotolo awiri, ndalembapo mayina. Malamulo anga:
- botolo limodzi, munthu mmodzi
- madzi okha
- ukamwa, tseka

Chovuta n'chiyani pamenepa? Palibe!

Lachiwiri

Mabotolo ali pamalo pake, ochokera mufuriji, akuchita thukuta. Ndikuyendayenda ngati mwini shopu.

Dzuwa lakwera, Mai Likaka sanamwebe. Ndikuwakodola ndi maso. Akundinong'oneza: "Achemwali, ndimwa bwanji anthu akundiyang'ana, osawaitanira?"

Ndikuti imwani basi, ndi anu.

Akutsegula. Kutsogolo kwawo kuli bambo wina wachikulire, wapalasa njinga kuchokera kwa Chiwalo kudzagulitsa nandolo, fumbi mpaka m'nsidze. Mai Likaka, botolo lisanafike pakamwa: "Timwe, bambo."

Ku Blantyre munthu akakuuza choncho umayankha kuti zikomo, pitirizani. Kuno ayi! Bambo uja wavula chipewa, walandira ndi manja awiri, wamwa mpaka botolo kuyang'ana kudenga. "Mulungu akudalitseni, mayi."

Mai Likaka ngakhale dontho.

Ndadzazanso. Lamwedwa ndi mayi wa mwana kumsana. Ndadzazanso. Mwana wakeyo.

Ndi tsiku loyamba chabe. Anthu azolowera.

Lachitatu

Msonkhano tisanatsegule. Lamulo latsopano: kuitanira ayi. Mai Likaka akundiyang'ana ngati ndawauza kuti apite kumaliro osavala mpango. Esitere ndi wachinyamata, wandimvetsa. Ndamukonda.

Ndiye Esitere wamwa. Wayang'ana kukhoma, kumwa, kutseka, monga ndinanenera. Ndatsala pang'ono kuwomba m'manja.

Ndani amadziwa kuti wachitatu pamzere ndi mchemwali wa apongozi ake? Agula sopo wawo, alandira lisiti, angoti "Chabwino." Chabwino wake ameneyo!

Nthawi ya nkhomaliro isanakwane, nkhani yafika kumudzi kwa Mkhumba, yabwerera pa foni. Mwamuna wa Esitere akufunsa ngati n'zoona kuti wamana amayi madzi pagulu, n'kuwapatsanso mbuyo. Esitere akulira kuseri kwa matumba a ufa. Botolo wandibwezera m'manja ngati ndi njoka.

Ndaganiza msanga, paja ndiye ntchito yanga. Azimwera pansi pa kauntala, atanjuta, pomwe anthu sakuwaona.

Zotsatira zake:
- kasitomala akafika akupeza pa kauntala palibe munthu, akuyamba kugogoda
- mlonda wabwera kudzasuzumira, akuti amayesa akubisa katundu
- Mai Likaka anjuta kamodzi, bondo lakana kudzuka, tawadzutsa anthu awiri

Akuti: "Achemwali, zaka zanga izi ndizimwa madzi mobisala ngati kachasu?"

Mawa ndipeza nzeru ina.

Lachinayi

Tsiku la msika. Sindinaliganizire.

Mbiri yamveka mpaka ku Jenala kuti pa shopu ya a Makwinja akumwetsa madzi a mufuriji. Mzere watulukira pakhomo, wakhotera kwa wosoka nsapato. Ndinayamba kusangalala, ndimayesa makasitomala. Akugula chiyani?
- machesi, kabokosi kamodzi
- siwiti imodzi
- ena akungofunsa mtengo wa mafuta ophikira, maso ali pa botolo

Anyamata a kabaza ndiye osachita n'komwe manyazi: "Asisi, pakhosi pokha."

Mai Likaka abwera ndi kapu ya kunyumba. Akuti si ulemu kuti akuluakulu azimwera pakamwa pa botolo. Ndiye taonani mmene kasitomala mmodzi akuthandizidwira tsopano: kumulonjera, kutsuka kapu, kuthira, kupereka ndi manja awiri atapinda maondo (bondo lija lachira!), kudikira amalize, kufunsa ngati awonjezere, kufunsa za kunyumba. Kenako ndiye makina.

Mphunzitsi wina, amene amagula zinthu zambiri mwezi uliwonse, wasiya dengu lodzaza pansi n'kutuluka. Ndamuthamangira mpaka pamsewu. Akuti abwera "chitsime chikatsekedwa".

Ndayesa kuima pakhomo n'kulengeza kuti madziwa ndi a antchito. Gogo wina wandiyang'ana kuchokera kumapazi: "Ndiwe mwana wa yani iwe?" Ndawauza. Akuwadziwa amayi! Ndawathirira ndekha.

Wotunga madzi kumpopi tsiku lonse ndani? Ine. Wa digiri.

Tikutseka, ndikufunsa Esitere ngati wamwako lero. Akuti ayi, analibe mpata. Milomo yachita kung'ambika. Kale ankapitako kuseri kawiri patsiku.

Lachisanu

Lamulo lachiwiri, la madzi okha, lafa.

Mai Likaka afika ndi chigubu cha thobwa, achibisa pansi pa kauntala. Akuti lero kubwera azimayi a kumpingo kwawo kudzagula za ukwati, ndipo "anthu oterowo sungawalandire ndi madzi okha ngati odutsa m'njira". Ndikuwauza kuti pano si pakhomo pawo, ndi pa shopu. Akuti: "Nanga ine ndimakhalitsa kuti, kunyumba kapena pano?"

Ndikanalanda chigubucho nthawi yomweyo. Koma ndinayenera kuthamangira kumpopi.

Thobwa la dzulo, m'chigubu chotseka kwambiri, pansi pa malata, dzuwa la Phalombe. Chigubu chafufuma ngati chule. Azimayi aja afika, Mai Likaka akuchikweza pa kauntala, akupotokola chitsekerero...

Phuu!

Thobwa pa makina. Thobwa pa mapaketi a mchere. Thobwa pa mpango woyera wa mayi wapampando. Chitsekerero sitinachipeze mpaka pano.

Makina akulira ngati mwana wa mbuzi, lisiti ikutuluka yonyowa, mabatani akakanikizidwa sakubwerera. Ndapukuta ndi nsalu, ndapepeza ndi katoni, ndapemphera. Madzulo nyerere zafika, zikulowa pa batani la 7, kutulukira pa 9.

Kauntala imodzi yatsekedwa. Mzere wonse kwa Esitere, amene akupereka kapu kwa aliyense tsopano, ngakhale wosapempha, kuti mbiri yake ikonzeke kwa apongozi.

Mai Likaka akundipepesa: "Koma linali lokoma, achemwali, mukanalawa."

Bwana abwera mawa. Ndikuganiza zodwala malungo.

Loweruka

Sindinadwale. Thupi langanso silindimvera.

A Makwinja atsika galimoto, akuyang'ana mzere, akuyang'ana ine. Asanalowe n'komwe, anthu awazungulira. Wina akuwagwira chanza ndi manja awiri. Wina akuti sitolo zonse za pa boma pano, ya umunthu ndi imeneyi yokha. Bambo wa nandolo uja wabweranso, ali ndi anzake: "Bwana, mwatikumbukira ife apanjinga." Bwana akumwetulira, akugwedeza mutu, ngati anaganiza okha.

Mtima wanga wayamba kukhala pansi. Mwina mpando ulipo!

Kenako aona makina.

Mu ofesi, chitseko chotseka. Akanikiza batani limodzi ndi chala, chala chamatirira. Sanakalipe, bola akanakalipa. Chigamulo:
- mabotolo pa kauntala, basi, athera pomwepa
- kashiya akafuna madzi, kumpopi kuseri, atapempha chilolezo, ngati kale
- koma madzi a makasitomala sangathe, "anthu andiyamikira kale, ndingawauze chiyani?"

Ndiye agula ndowa yaikulu ya kampopi, yokhala pakhonde, ndi makapu awiri omangirira chingwe.

Ndikuti bwana, cholinga chinali makashiya! Esitere anachita chizungulire! Akuti: "Ndi amene mwawavutitsa kwambiri sabata ino. Afunseni."

Ndawafunsa. Esitere akuti bola kuseri, kumene munthu amamwa yekha popanda achibale. Mai Likaka akuti kuseri kuli kamthunzi, amapumitsako miyendo.

Za mpando wa supavaiza, akuti tidzakambirana mvula ikagwa. Pakadali pano wina aziyang'anira ndowa: kudzaza, kutsuka makapu, kuthamangitsa mbuzi. "Poti nkhani za madzi mumazitsata ndinu."

Lamulungu

Ndapita ku tchalitchi kuti mtima uzizire. Potuluka azimayi akundilozerana. Mmodzi wandigwira mkono: "Si inu a madzi aja? Mawa muikemo ayezi, dzulo anali ofunda."

Ndayankha kuti chabwino, mayi.

Amayi aimba foni masana. Amva kale kuti bwana wandipatsa udindo woyang'anira, auza ndi amalume omwe. Akufunsa kuti ndikuyang'anira anthu angati. Ndati netiweki ikuvuta.

Mutu ukundiuzabe kuti ganizo lija linali labwino. Shopu yonse ikumwa tsopano: a kabaza, a nandolo, ana a sukulu, mwina ndi mbuzi zomwe. Kupatula anthu awiri amene ndinawagulira mabotolo.

Ndasita bulauzi yoyera ya mawa, ndaipachika bwinobwino. Ndaiyang'ana. Ndaibwezera m'sutikesi, ndatulutsa chitenje chakale.

Mpopi wa kuseri umachepa mphamvu dzuwa likakwera. Ndilawirire.