Kadontho Kanu Kamwa Madzi a Nyemba Zanga

Kwa Bwana Mkulu wa kampani imene inatiikira chipata cha kompyuta pa ngalande yathu,

Olemekezeka, pepani kuti mbuli ikukulemberani. Ine Anacleto Huarcaya sindinapondepo pakhomo pa sukulu. Akutayipa kalatayi ndi a Fulgencio a kumsika, ndipo ndawaletsa kuthiramo shuga.

Choyamba, zikomo potichotsera ndodo. Zaka makumi anayi ine ndinali wogawa madzi m'chigwa muno, kuyeza ndi ndodo ya mizere. Mzere unali mzere, kaya munda ndi wa mwini galimoto kaya wa mwini bulu. Zachikale zedi. Tinkangokolola basi.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mayi Paucar, injiniya wanu, amene anandifotokozera bwino nditawakalipira. Akuti makina anu amawonkhetsa madzi onse odutsa chiikireni chipata, koma amasunga manambala ochepa akutsogolo okha. Chiwerengero chikakula, kadontho ka pakati pa manambala kamasuntha, timanambala takumapeto n'kugwa. Tsono minda ikuluikulu ya mapeyala kumtundaku yamwa mpaka chiwerengero chatupa ngati chule. Likafika tsiku langa lothirira, makina amaphatikizapo kagawo kanga kochepako kuti adziwe potsekera madzi, yankho n'kutuluka lomwe lija, ndiye amati Anacleto wathirira kale. Chipata osatseguka. Sabata zitatu tsopano. Nzeru zotere ine ndikanazitola kuti?

Chachitatu, ndinawafunsa mayi Paucar kuti, mwana wanga, kodi kulibe masamu okhomera kadonthoko pamalo amodzi, kuti lita ikhale lita kwa aliyense? Akuti alipo, ngakhale timakina totchipa timawadziwa, koma inu munati kusintha kudikire mpaka wina adandaule. Wina uja ndine, bwana. Nyemba zanga zili pa maluwa, ndipo maluwawo ayamba kuyoyoka. Zikapanda kumwa pofika Lamlungu, chaka chino ndalemba m'madzi, ngakhale madziwo sindinawaone.

Mnzanga Teófilo akuti ndingothyola loko wa chipatacho. Ayi, ine ndinaleredwa.

Pempho langa n'lochepa ngati munda wanga: khomani kadonthoko Lamlungu lisanafike. Msomali ukasowa, ine ndili nawo. Zikakanika musadandaule, mudzabwere ndithu ku phwando la zokolola. Ndidzakupakulirani ndi masamu anu omwe. Nyemba zanga pamimba ngati yanuyo sizingasinthe kanthu, choncho mbale idzabwera yoyera, ife n'kulemba kuti bwana adya kale.

Wanu wosaphunzira, amene ndodo yake sinalumphepo munda,

Anacleto Huarcaya
(ndadinda ndi chala)