Kabotolo ka a Dontho

A Dontho, mlonda wa pageti la kampani ya matabwa, ankanunkhiza mafuta ngati mmene ena amanunkhizira nyama pamsika. Mfuti yawo ya kuntchito sinaombepo ngakhale khwangwala, koma kwa zaka makumi atatu inadzola mafuta abwino kuposa munthu aliyense mumsewu mwathu. Dzina lawo lenileni tinaliiwala, chifukwa yankho lawo pa chilichonse linali lakuti, "Dontho limodzi basi."

Ukawapatsa botolo, ankadontheza pachala, kutikita, kuyang'ana padzuwa, kenako n'kugamula mlandu. Oyilo wa galimoto ankati ngwolemera. Girisi amene bwana anagula anamubweza, ati amaitana fumbi. Mlonda mnzawo atapaka mfuti mafuta ophikira, anamufunsa ngati akufuna kuikazinga, ndipo sanamupatse moni mwezi wathunthu. Mafuta onse olephera mayesowa ankathera pa zitseko ndi njinga zathu, tifune tisafune. Iwo ankakhulupirira kabotolo kamodzi kokha ka mafuta opepuka a mfuti, kamene kankakhala m'thumba la malaya, pamtima penipeni.

Akazi awo, omwe anali telala, ankaitcha mfutiyo mkazi mnzawo.

"Bambo, mapazi anga ang'ambika, mukuwaona?"

"Ndawaona, mayi. Koma sachita dzimbiri."

"Nanga mkazi mnzanga uja ali bwanji?"

"Ali bwino, zikomo pofunsa."

Ife tinkaseka, koma mayiwo zinkawapweteka. Tsiku lina akundiyeza thalauza anandiuza kuti sakudziwa ngati bamboyo anawaganizirapo ndi kamodzi komwe mmene amaganizira chitsulo chija. Chowatonthoza chinali makina awo osokera, omwe ankawatama kwa aliyense: zaka zonsezi osathira mafuta, koma osalira, osalimba. Ankati m'nyumba monsemo ndi chokhacho chosafuna kunyengerera.

A Dontho atadwala anaitanitsa mlonda wolowa m'malo mwawo n'kumulangiza za mfutiyo mpaka munthuyo anaphonya basi. Koma kabotolo kaja anakana kumupatsa. Tonse tinati umbombo wafika nawo mpaka pakhomo la manda.

Patatha miyezi iwiri chiwaikireni, makina aja anayamba kulira. Wokonza atawatsegula anafunsa kuti ankawasamala chonchi ndani, poti kabowo kalikonse kankathiridwa mwaluso, osasefukira. Mayi anati palibe, makinawo ngabwino basi. Wokonzayo anapisa dzanja kuseri kwa kadilowa n'kutulutsa kabotolo kaja, katatsala pang'ono kutha, pamodzi ndi kansalu kopindidwa bwino.

Mayi anakhala pansi. Lamlungu lililonse bamboyo ankawauza kuti atsogole kutchalitchi, ati akufunafuna nsapato, ndipo mayi anawanyozera nsapatozo zaka makumi atatu.

Masiku ano zitseko za mumsewu mwathu zikulira zonse, ndipo mfuti ija ndamva kuti yachita dzimbiri. Ndimawasowa, ine amene ndinkawaseka koposa. Mayi amathira okha mafuta m'makina Lamlungu m'mawa, dontho limodzi basi, ndipo kutchalitchi amafika mochedwa.