Maliro a Bakha

Ine sindiimba. Kuno ku Chiuta aliyense akudziwa. Tsiku limene ndinayesa, mudzi wonse unasiya ntchito.

Chaka chimenecho achinyamata anapeka nyimbo ya Natale, Khirisimasi imene ija. Anatenga chuni cha nyimbo ya pamaliro, ija timaimba potulutsa bokosi m'nyumba, n'kuikamo mawu olira bakha wa pachikondwerero. Ndinawathamangitsa pakhomo panga ndi ndodo. Imfa si choseweretsa.

Akazi anga, a Rozina, anali chigonere. Mankhwala tinakatenga kuchipatala cha ku Insaca, koma chakudya ankakana. Akaona phala ankatembenukira kukhoma. Kapulana, nsalu yawo ya m'chiuno, inayamba kuwazungulira kawiri.

M'mawa wa Natale ndinalowa ndi phala.

"Bambo," anatero, "ana aja munawapirikitsa ndisanamve mathero. Bakhayo zinamuthera bwanji?"

"Zachibwana zimenezo."

"Ndiimbireni. Ndidya."

Ndinatseka chitseko. (Zenera ndinaiwala.) Ndinayamba motsitsa:

Pita bwino bakha wathu,
wasiya ana padambo.
Anyezi akuperekeza,
tikaonana pampunga.

(Musandifunse kumene ndinawadziwira mawuwa.) Anamwetulira, n'kulandira supuni imodzi. Ndinakweza mawu. Analandiranso. Apo ndinatulutsa besi yonse, mokoka ngati tili panjira ya kumanda.

Panja panamveka mfuu. Mlamu wanga, mng'ono wawo wa a Rozina, anali atadzigwetsa pakhonde.

"Mayo ine! Achemwali anga andisiya!"

Amayi a kumpingo anatulukira atamanga kale mipango. Che Amidu, Msilamu woyandikana nafe nyumba, anasiya kusoka ukonde, n'kufika ndi khasu paphewa.

Ndinatsegula chitseko, supuni ili m'manja.

"Pepani, madala," anatero Che Amidu. "Atisiya nthawi yanji?"

"Ndani?"

"Nanga mukuimbira yani?"

Ndakhalapo pamilandu yovuta, koma sindinasowepo poyang'ana ngati tsiku limenelo.

"Bakha," ndinatero.

M'nyumba munaphulika chiseko chimene ndinali nditachiiwala kamvekedwe kake. A Rozina anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anakuwa:

"Iwe, leka kulira! Lowa, malemu akufuna phala lina!"

Obwera kumaliro sabwerera ndi njala. Bakha wathu anathera iwowo, ine ndinangolawa msuzi. Mlamu sanandipatse moni mpaka chaka chinatha.

Nyimbo ija ndi yachipongwe, ndipo maganizo sindinasinthe. Koma kufikira tsiku limene a Rozina anadzuka n'kutuluka okha panja, ndinkaiimba pa chakudya chilichonse, monong'ona, pakhutu pawo.