Sizasi ya Mayi Telala

Anthu ena amadula mitengo, ena amadula tsitsi, koma malemu a Sizasi ankadula mawu a Chingerezi. Musaganize kuti ndikuphiphiritsa, ayi, ankadula ndi sizasi yeniyeni. Anali mphunzitsi kuyunivesite, wa phunziro lija la kapangidwe ka mawu ndi mitundu yake, ndipo ankati mawu sungawadziwe usanawatumbule. Tsoka lake, sizasiyo inali ya akazi awo, mayi Telala, aja amasoka pakhonde la sitolo ya pakona.

M'mawa uliwonse inali nkhondo. Mayi Telala akatsegula dilowa ya makina awo, omwe ankagona kunyumba, n'kupeza mulibe kanthu, ankathamangira kugeti, bambo akukwera kale njinga.

"Bambo, sizasi yanga!"

"Ili ndi kalasi, mayi. Ibwera ikaweruka."

"Nanga diresi la eni ndidula ndi mano?"

"Yambani ndi mabatani."

Mabatani ake ati, abale? Zitini za mabatani nazo zinali zitalowa kale yunivesite. Mabataniwo bambo anawakhuthulira m'mbale, zitinizo n'kukaziika pa tebulo la m'kalasi: ichi cha maina, icho cha aneni, chinacho cha afotokozi. Mayi anayesa kuwagulira sizasi yawoyawo. A Sizasi anaiyesa pa katoni, n'kupukusa mutu. "Iyi ilibe ulemu, ikutafuna mawu." Kutacha anabanso yakale ija.

Amene anaphunzira kwa iwo mpaka lero sasiya kusimba. Ati ankalemba liwu lalitali pa katoni, n'kulikweza m'mwamba ngati munthu wogulitsa nsomba. Khwapu! Mutu wagwa. Khwapu! Mchira wagwa. M'manja mwatsala tsinde lokha, iwo akulisisita: "Taonani mwanayu, kukongola kwake atavula jekete!" Kalasi yonse m'manja phwaphwaphwa, ena mpaka kukwera pa mabenchi.

Nkhani zimenezi zikawapeza mayi Telala pakhonde paja, mtima unkawawa. Akazi anzawo ankalimbana ndi atsikana a m'mabala, iwo ankalimbana ndi Chingerezi, mkazi mnzawo wosagwirika n'komwe tsitsi. Chifukwa kunyumba bambowa anali munthu wa mawu awiri, "zikomo" ndi "madzi". Chikwatiranireni sanamvepo ngakhale "mwatchena". Ankangofuna kakang'ono komweko basi, kuti adziwe ngati m'mtima mwa munthuyu muli kampando kawo.

Tsiku lina anadzisokera diresi lobiriwira, lokhala bwino m'chiuno, n'kukaima patsogolo pa amuna awo. A Sizasi anatsitsa dikishonale, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi."

"Ndikumva, bambo."

"Katoni ija munasungiramo nsaluyi, mwaitaya?"

Ha! Tsiku limenelo nsanje inawakwera kumutu. Kutacha anavala diresi lomwelo, tepi yoyezera ili m'khosi, ulendo wa kuyunivesite kukagwira anthu. Atafika anasuzumira pa zenera. Amuna awo anali ataima pampando, sizasi m'mwamba, akuseka mpaka mano a kumapeto kuonekera. Mayi Telala anabwerera osagogoda. Panjira ankangodziyankhulira: "Kani mano onsewo ali nawo? Ndiye amawasunga kuno?" Anaseka okha, kenako misozi inatsika.

A Sizasi sanadwale nthawi yaitali. Maliro atatha, pakhonde paja panafika mayi wina wa magalasi, wophunzira wawo wakale amene analowa m'malo mwawo. Anamasula kampango, sizasi ija poyera.

"Amayi, tinaipeza mu ofesi. Timati tikupempheni tiisunge kusukulu, m'kabati ya galasi, ikhale chikumbutso."

"Chikumbutso cha umbava?"

Mayi wa magalasi anaseka mwamanyazi. "Mukudziwa, chaka chilichonse tsiku loyamba ankaikweza n'kunena kuti, 'Iyi ndi ya mkazi wanga. Dzanja lake silinalakwitsepo nsalu. Ine ndine wamantha, koma ndikaigwira zimakhala ngati wandigwira dzanja, ndiye ndimatha kuima pamaso panu.'"

Phazi la mayi Telala linaima pa makina.

"Ankatero? Pakamwa pawo pomwe paja?"

"Chaka chilichonse, amayi. Mpaka tinaloweza."

"Munaloweza! Ana a eni kuloweza, ine mwini wake osamvako ngakhale kamodzi? Mawuwo anali anga, iwo n'kumakawagawa kubwalo!" Anatsomphola sizasiyo n'kuiika pachifuwa. "Bweretsani kuno. Mwamuna munandilanda, mawu anga mwandidyera, iyi yokha ayi. Kabati yanuyo kaigulireni sizasi ina."

Kuyunivesite akuti phunzirolo likadalipo, koma palibe amakweranso pa benchi. Mumsewu mwathu namo m'mawa mumangoti zii, palibe wothamangitsa njinga kugeti. Sizasi ija makatoni anaibunthitsa, ngakhale ulusi sidula, koma mayi Telala anakana kukainoletsa. M'mawa uliwonse akatsegula dilowa amaipeza ili pomwe anaisiya, ndipo amaikalipira: "Iwe, ukutani pano? Lero ulibe kalasi?"